Zotsalira za pa Dimba la Pani Leokadia

Ndikulemba za mayi wina wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, Pani Leokadia Pytlak (kuno mayi timati Pani, bambo timati Pan, ndipo dzina la awa timalifupikitsa kuti Lodzia), amene dimba lawo, nambala 47, lagundana ndi langa ku madimba athu a kuseri kwa njanji, mumzinda uno wa Łódź. Chandikakamiza kulemba ndi zimene komiti yathu inawachitira chaka chathachi. Ndayesetsa kuti m'mawu anga musapezeke chipongwe kwa munthu aliyense, koma sindibisa kuti ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandipsa.

Mayiwa anabadwira kumudzi, pafupi ndi Sieradz, m'banja la ana asanu ndi awiri. Anabwera mumzinda akadali mtsikana kudzalowa ntchito pa fakitale yopota ulusi, ndipo anaima pa makina omwewo zaka makumi atatu ndi zinayi, mpaka khutu lawo lakumanzere linagontha ndi phokoso. N'chifukwa chake amalankhula mokweza, moti munthu wosawadziwa amayesa akukalipa. Dimba anapatsidwa kudzera kufakitale komweko atadikira pamndandanda zaka zisanu ndi chimodzi. Malowo anali otayirapo phulusa la malasha ndi zidutswa za njerwa. Iwo ndi amuna awo, malemu Hieronim, anatola njerwazo ndi manja, nabweretsa dothi labwino m'zidebe, chidebe chimodzichimodzi. Pambuyo pake fakitale inatsekedwa, a Hieronim anatsogola, ndipo mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali ku Gdańsk. Masiku ano amakhala okha pa nsanjika yachinayi ya nyumba yopanda chikepe, ndipo tsiku limene sanafike kudimba ife aneba timayamba kufunsana ngati ali bwino.

Mbewu zimene amazikonda ndi ziwiri: burokoli, ndi brukselka, uja wobereka tikabichi tonga mazira a njiwa m'mbali mwa tsinde lalitali. Ambiri a ife timagula mbande pamsika m'mwezi wa Meyi. Pani Leokadia sanagulepo mbande ndi kamodzi komwe. Amati mbande yogula ndi mwana wa eni, sudziwa chimene anadyetsedwa ali wakhanda.

Ntchito yawo imayamba kunja kukadali koyera ndi chipale chofewa. Nyengo yonse yozizira amasunga timakapu ta kirimu, kutitsuka ndi kutiboola pansi ndi msomali wamoto. Dothi amakatapa pa milu ya mfuko m'mbali mwa njanji, poti ndi lofewa kale, nalisefa ndi kulisakaniza ndi mchenga, kompositi ndi laimu pang'ono. Burokoli amafesa m'Malichi, brukselka kumayambiriro kwa Epulo. Njere zake n'zazing'ono ngati za mpiru, ndipo amaika ziwiri m'kapu iliyonse, kuya kwake ngati chikhadabo. Zikamera zonse, yofookayo amaidula ndi sizasi, chifukwa kuizula kumasokoneza mizu ya inzake. Popeza mbande za mbewu ziwirizi zimafanana ngati mapasa, makapu amawamanga ulusi: wofiira ndi burokoli, wobiriwira ndi brukselka. Ulusiwo ndi womwe anatuluka nawo kufakitale, ndipo sunathebe.

Chimene ambiri amalephera kumvetsa n'chakuti mbande zimenezi sizifuna kufunda. Zikafundidwa zimangotalika n'kuwonda, kenako n'kugwa. Choncho mayiwa amatseka chotenthetsera m'chipinda chawo chogona, naika makapu pawindo, iwo n'kusamukira kukhitchini kwa milungu isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse amatembenuza kapu iliyonse kuti mbande isapendekere kuwindo. Tsiku lina ndinapita kukawabwereka sefa, ndipo nditayamba kumasula mabatani a jekete anandiletsa.

"Musavule, Pan Teofil, mudwala. Muno si mwa anthu, ndi mwa ana."

Masamba akakwana anayi amazitulutsa pakhonde, tsiku loyamba ola limodzi, lachiwiri maola awiri, mpaka zitazolowera mphepo. Timabuku ta ulimi timene ndili nato timavomereza kuti mbewu za mtundu wa kabichi zikhoza kuwokeredwa msanga, koma iwo amadikira kuti lidutse tsiku la Zofia Wozizira, pa 15 Meyi, limene anthu kuno amati ndilo lomaliza la kuzizira, monga ankachitira amayi awo. Likadutsa amalongedza makapu m'ngolo yakale ya mwana, natsika nayo masitepe onse aja, nakwera nayo tiramu, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda. Powokera amakwirira mbande mpaka pamasamba oyamba, naponda dothi ndi chidendene mwamphamvu. Kenako amakoka tsamba limodzi. Tsamba likang'ambika mbande osasuntha, ndiye kuti yakhazikika.

Burokoli ndi wachangu. Pakatha miyezi iwiri ndi theka mutu wake umadulidwa maluwa achikasu asanatuluke, ndipo timitu tam'mbali timapitirira mpaka Sepitembala. Brukselka ndi wina. Chilimwe chonse amangokula osaonetsa kanthu. M'Sepitembala mayiwa amamudula nsonga kuti mphamvu ipite ku tikabichi tija, nathothola masamba apansi amene ayamba kufota. Pofika Novembala chimene chimaoneka ndi ndodo zamfundomfundo zofika m'chiuno, zokhala ndi timasamba tochepa pamwamba. Ndikuvomereza kuti sizokongola. Koma apo m'pamene mbewuyi imakhala ikudikira chinthu chomaliza, chimene ndi chisanu. Chisanu chikailuma kawiri kapena katatu, kuwawa kwake kumachoka ndipo imatsekemera. Izi si zikhulupiriro za nkhalamba ayi, zinalembedwa, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi panalibe wapampando amene anazitsutsa.

Zaka ziwiri zapitazo tinasankha wapampando watsopano, Pan Zdzisław Kordas, amene kale ankasunga katundu wa asilikali. Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Anakonza geti limene linakhala lopendekeka zaka khumi, ndipo anatikokera mpopi wachiwiri. Koma amakonda zinthu zowongoka. Dimba lake ndi kapinga wometedwa bwino, mpanda wa timitengo tofanana msinkhu, ndi chowotchera nyama pakati. Mabanja ambiri olowa kumene amafuna zoterozo, ndipo ena makumi asanu ndi limodzi ali pamndandanda kudikira malo. M'malamulo a madimba athu muli ndime yonena kuti munthu akachenjezedwa katatu m'chaka chimodzi, msonkhano wa onse ukhoza kumulanda dimba n'kupatsa wotsatira. Ndimeyi inaikidwa chifukwa cha anthu osiya malo awo kumera thengo. Palibe anaganizapo kuti ingadzakhudze munthu amene amazula udzu usanamere n'komwe.

Chenjezo loyamba linabwera m'Juni. Pofuna kuteteza mbewu kwa agulugufe oyera amene amaikira mbozi, Pani Leokadia amazifunditsa makatani akale a pawindo, aja oboolaboola. Wapampando anati zikunyansitsa malo.

"Pano si poyanikira zovala, Pani Pytlak."

"Ndiye mudzaime pano inuyo, atcheya, muzikupiza manja. Agulugufe akuopani, si paja munali msilikali?"

Anawalembera kalata. Yachiwiri inabwera m'Ogasiti chifukwa cha mgolo umene amaviikamo udzu woyabwa wothirira mbewu. Apa ndiyenera kunena chilungamo: mgolowo umanunkhadi, ndipo ine ndi amene ndimaumva kuposa onse. Koma sindinadandaule, ndipo amene anadandaula dimba lake lili kutali, pafupi ndi geti. Mayiwa anauvindikira mgolowo, makalata onse awiri n'kuyatsira mbaula. Ndinawachenjeza kuti kwatsala imodzi. Anangoseka.

Ndime yakhumi ndi chisanu ndi chinayi ya malamulo athu imati: pofika tsiku la Oyera Mtima Onse, pa 1 Novembala, zotsalira zonse za mbewu zizulidwe ndipo dothi ligaulidwe. Pa 4 Novembala komiti inayendera madimba. Anali wapampando ndi Pan Gienek, mwamuna wanthabwala amene ankayendetsa tiramu asanapume ntchito. Pa nambala 47 anapeza dothi lonse logaulidwa bwino lomwe, kupatula mizere itatu pamene panaima brukselka, mitengo makumi awiri ndi inayi. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikumanga maluwa anga, ndipo ndinamva zonse.

"Pani Pytlak, mapesi awa akutani pano?"

"Mwati bwanji?" anatero mayiwa, akutembenuzira khutu labwino.

"Ndati mapesi awa!"

"Mapesi? Atcheya, magalasi mwaiwala kunyumba? Ameneyu ndi brukselka. Akudikira chisanu."

"Tsiku ladutsa."

"Ndiye chachedwa ndi chisanucho. Chilembereni kalata, chidindo muli nacho."

Pan Gienek anaseka mpaka kutsokomola, nati kwa wapampando, "Zdzisiek, asiye amayiwa, chimenechi n'chakudya." Koma wapampando anali atatulutsa kale cholembera. Chenjezo lachitatu linaperekedwa tsiku lomwelo, ndipo pa bolodi la pageti panakhomedwa chidziwitso chakuti Loweruka, pa 22 Novembala, padzakhala msonkhano wokambirana za dimba nambala 47.

Masiku otsatirawo ndinawachonderera. Ndinati athyole tikabichi tochepa, atiphike ndi batala ndi nyenyeswa za buledi, akapereke kumsonkhano kuti aliyense alawe, aone kuti ndi chakudya. Anakana.

"Chisanu chisanamulume? Mukufuna akalavule pamaso panga, azikanena kuti Lodzia amalima za nkhumba? Ine sindinadyetsepo munthu brukselka wosapsa, ndipo sindiyamba lero chifukwa cha Kordas."

"Koma Pani Lodzia, dimba likhoza kupita."

"Chisanu chibwera. Chakhala chikubwera Kordas asanabadwe."

Chaka chimenecho chisanu chinachedwa. Novembala anali wamvula yamawawa ndi nkhungu, wofunda ngati Okutobala, ndipo tinakalowa mu holo yathu yamatabwa Loweruka lija m'mawa nsapato zili matope okhaokha. Tinalipo anthu makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Mayiwa anakhala kutsogolo, atavala malaya a kutchalitchi, chikwama pamiyendo.

Wapampando atawerenga makalata atatu aja, ndinapempha mwayi wolankhula. Ndinali ndi kabuku ka ulimi wa masamba, ndipo ndinawerenga pamene panalembedwa kuti brukselka amakololedwa kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, ndipo amakoma chisanu chikamugwera. Ndinafotokoza kuti chotsalira ndi chimene chasiyidwa m'munda zokolola zitachotsedwa, monga tsinde la burokoli mutu utadulidwa, kapena mapesi a nyemba. Chinthu chimene sichinakololedwe sichingakhale chotsalira. Ndi mbewu. Ndinkaganiza kuti mfundo yomveka choncho palibe angaitsutse.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero wapampando, ndipo ena anaseka, poti onse akudziwa kuti ndinkagwira ntchito yokonza mamita a gasi. "Lamulo silikunena za kukoma. Lili ndi tsiku. Chilichonse chopezeka m'munda tsikulo litadutsa n'chotsalira, basi."

Pani Leokadia anaimirira.

"Tabwerezani, sindinamve."

"Ndati chopezeka tsiku litadutsa n'chotsalira!"

"Eya. Ndiye inu, ine, Teofil uyu, Gienek, tonse a penshoni muno, tsiku lathu linadutsa kalekale. Tengani foloko mutizule, atcheya. Muyambe ndi inuyo, muli pafupi ndi khomo."

"Muyambe ndi apongozi anga!" anafuula Pan Gienek ali kumbuyo. "Wilibala ndikubwerekani ine!"

Holo yonse inaphulika ndi chiseko, ndipo ine ndinaona ngati nkhani yatha bwino. Ndinalakwitsa. Anthu atha kuseka nawe m'mawa womwewo n'kukukwezera dzanja lokutsutsa. Mayi wina wa m'mabanja atsopano anaimirira nati iye anazula anyezi wake wamasamba pa 31 Okutobala pomvera lamulo lomwelo, nanga ena aloledwa bwanji? M'malo moona kuti nayenso analakwiridwa, anafuna kuti wina alakwiridwe mofanana. Bambo wina anati mchemwali wake wadikira pamndandanda zaka zinayi ndipo ali ndi ana aang'ono. Wina anafunsa mwaulemu ngati mayiwa sanatope, ngati sikungakhale bwino kukapuma kwa mwana wawo ku Gdańsk. Mawu amenewa ndi amene anandipweteka koposa, chifukwa ananenedwa mwachifundo, pamaso pa munthu amene amagaula dimba lonse ndi manja ake.

Pamenepo wapampando anati iye si wankhanza, ndipo apereka mpata. Ngati mizere itatu ija idzakhale itazulidwa ndi kugaulidwa pofika Loweruka lotsatira, dzuwa lisanalowe, nkhani idzatsekedwa. Ngati ayi, dimba lidzapita kwa wotsatira pamndandanda. Anthu makumi awiri ndi atatu anakweza manja kuvomereza. Otsutsa tinali khumi ndi anayi. Ndinayang'ana manja okwezedwawo limodzilimodzi, ndipo sindidzatchula mayina, koma osachepera asanu ndi atatu mwa eni ake amalandira mbande kwa Pani Leokadia chaka ndi chaka, ulele, zitamangidwa kale ulusi kuti asasokoneze. Mmodzi anayang'ana pansi. Enawo sanachite n'komwe manyazi.

Titatuluka ndinati tikadandaule kwa akuluakulu a madimba a chigawo chonse. Mayiwa anafunsa kuti yankho limabwera pakatha nthawi yaitali bwanji. Ndinawauza zoona, kuti mwina miyezi iwiri.

"Miyezi iwiri? Mudzapeza pa 47 pali kale chowotchera soseji."

Anatsala ndi masiku asanu ndi awiri, ndipo anaganiza zodikira mpaka lomaliza. Usiku umodzi wokha wa chisanu ukanakwanira kuti athyole ndi mtima woyera. M'mawa uliwonse ankafika ndi tiramu yoyamba kukacha, nagwira masamba ndi dzanja kuti amve ngati aumako. Ankawapeza onyowa ndi mvula. Lachitatu kumwamba kunayera madzulo ndipo tonse tinayembekezera, koma mitambo inabwereranso. Lachisanu Pan Gienek anapita yekha kwa wapampando kukapempha sabata ina imodzi. Anauzidwa kuti msonkhano unagamula, ndipo munthu mmodzi sangasinthe.

Loweruka ndinafika ndi foloko yanga, Pan Gienek ndi wilibala. Mayiwa anatibweza pageti lawo.

"Ndinadzala ndekha. Pitani mukakhale pabenchi, anyamata inu, mungathyoke misana."

Tinakhala pabenchi, amuna awiri akuluakulu, kuonerera mayi wa zaka zimenezo akuzula mbewu yake. Mitengoyo sinali yozuka ndi manja. Inadzalidwa mozama ndi kupondedwa mwamphamvu m'Meyi, ndipo mizu inali itagwira dothi ngati ya mtengo weniweni. Uliwonse ankaukumba mbali zinayi ndi foloko, kuutsamira ndi thupi lonse, kuugwedeza, kenako kuukoka. Akauzula ankakutumula dothi la kumizu kuti litsale m'dimba, naugoneka pa thumba mosamala, tikabichi tisakhudze matope. Anayamba cha m'ma eyiti. Anapuma kamodzi kokha kumwa tiyi wa m'fulasiki, ali chiimire.  Mtengo womaliza unazuka itadutsa wani koloko, ndipo anagaula mizere itatuyo mpaka inafanana ndi dimba lonse.

Wapampando anafika cha m'ma fili, kunja kutayamba kuchita mdima, poti nyengo imeneyi kuno dzuwa limalowa msanga. Anayenda m'mbali mwa dimbalo, naponda dothi ndi nsonga ya nsapato, natulutsa pepala n'kusaina.

"Mwaonatu, Pani Pytlak? Tsopano pakongola. Zinali zovuta?"

Mayiwa analandira pepalalo, naliwerenga lonse pang'onopang'ono mpaka pachidindo, nalipinda kanayi n'kuliika m'chikwama. Pamenepo anatilola kuwathandiza kuthothola tikabichi ku mitengo ija. Tinadzaza zidebe ziwiri. Tinali tolimba, tobiriwira bwino, topanda mbozi ndi imodzi yomwe, tabwino kuposa tonse timene ndinationapo pa dimba limenelo.

Chisanu chinagwa Lachiwiri, patangopita masiku atatu. Ndinapita kumadimba m'mawa umenewo ndipo ndinapeza nthaka ya nambala 47 itayera mbee, yosalala, yopanda kanthu kalikonse koti chisanu chilume. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene kuzizira kunkalolera. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata ku komiti yopempha kuti pa ndime ija awonjezere mawu ofotokoza kuti mbewu yosakololedwa sichotsalira. Mlembi anandiyankha kuti idzakambidwa pa msonkhano wa Epulo, pansi pa mutu wa zina ndi zina, nthawi ikadzalola.

Mayiwa anandipatsa thumba limodzi la brukselka uja. Ndinamuika mufiriji masiku awiri poyesa kumunyenga, ndinamuphika ndi batala wambiri, koma kuwawa kunalipobe kumapeto kwa lilime. Titakumana pamalo okwerera tiramu ndinawathokoza, n'kunena kuti anali wokoma.

"Mwati bwanji?"

"Ndati anali wokoma, Pani Lodzia!"

"Bodza silikuyenerani, Pan Teofil, makutu anu afiira. Ndi wowawa. Ine ndikumudya tsiku lililonse, ndipo ndimumaliza yense, ngakhale anditengere mpaka Isitala." Anamenya chikwama chawo ndi chikhatho, pamene panali pepala losainidwa lija. "Koma 47 ndi wanga. Mukawauze a pamndandanda aja adikirebe."